Njinga itakana kulira pa Chia

Aliyense wodutsa msewu wa M5 kulowera ku Nkhotakota amadziwa kuti pa Chia sapitirira chimanjamanja. Nanenso ndinaima, ndinatsikira kugombe n'kugula chambo chachiwisi choti ndikapatse mayi anga ku Dwangwa, omwe anali atangotuluka kumene m'chipatala.

Dzuwa linali litapendeka, mwera ukuwomba, asodzi akukokera mabwato kumtunda. Nditamangirira nsomba, ndinadina sitata ya njinga yanga yamoto. Inangoti "tiki!" basi, ziii. Kiki inathyoka kalekale, ndipo mumchenga wotero njinga sungailize poikankha. Mtima unangoti myu! Chambo sichidikira munthu, komanso milatho ina ya msewu umenewu ndi yopapatiza, siyofunika kuidutsa usiku.

Ndinayamba kuwerenga ndalama zoti ndikagulire batire pa boma. Mnyamata wina wa kabaza amene amandiyang'anitsitsa anati, "Madala, musathamangire kugula. Tayambani mwaliza hutala."

Hutala inalira bwinobwino, kusonyeza kuti fyuzi ndi yamoyo. Anandiuza kuti ndiyatse nyale kenaka ndidinenso sitata. Nyale inathimiratu.

"Apa pali ziwiri," anatero. "Mwina batire yafooka, kapena moto ukukanika kudutsa penapake. Sitata imakoka moto wambiri kuposa hutala ndi nyale, ndiye pomwe pakhwepa m'pomwe pamatentha."

Anachotsa chivundikiro cha m'mbali n'kukhudza mitu ya batire. Umodzi unali wotentha, wokutidwa ndi zoyerayera ngati phulusa, bawuti yake ikugwedera. Chinyezi cha kunyanja ndi mabampu a m'misewu yafumbi zinali zitagwira ntchito yake. Anapala mutuwo ndi kampeni mpaka kuwala, n'kumanga ndi sipanala ya nambala 10. Nditadina, injini inalira kamodzin'kamodzi.

Ndalama anakana. Ndinamupatsa chambo chimodzi, anaseka nkuti, "Munthu wa pa Chia mukumupatsa nsomba?" Koma analandira ndi manja awiri.

Ndinadutsa pa boma kukadali kowala, mkuyu uja amati David Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe osauonanso ulendo uno. Ndinawoloka Kaombe ndi Bua, ndipo mayi anadya chambo chawo usiku womwewo. Batire ija ndi yomwe ndikuyendera mpaka lero, koma m'chikwama changa simusowanso sipanala ya nambala 10.