Thabwa Laliŵisi Silisunga Chinsinsi

Kuseri kwa nyumba yathu, pakati pa nkhokwe ndi mtengo wa mapichesi, pali chisakasa cha malata asanu ndi atatu chimene anthu a m'mudzi muno amachitcha shopu ya matabwa. M'chisakasamo muli tebulo limodzi limene sitingagulitse ngakhale munthu atabwera ndi ndalama zodzaza chipeŵa. Pamwamba pake mpopindika ngati lichero, ndipo pakati pake pali mng'alu woti chala cha mwana nkuloŵamo. Alendo akafunsa chifukwa chimene timasungira chinthu chonyansa chotere pamalo ofikira ogula, timaŵayankha kuti ameneyo ndiye mphunzitsi wathu wamkulu. Nkhani yake ndiyo tafuna kukambirana nanu, makolo anzathu ndi inu achinyamata, makamaka amene mukulingalira zoyamba ntchito ya ukalipentala pakhomo.

Mwana wathu wachisamba atalemba mayeso a Fomu 4, malo kukoleji sadapezeke. Chaka chathunthu adangokhala pakhomo, m'maŵa kumunda, madzulo pamsika kukaonerera bawo, ndipo ife makolo ake tinkagona tulo tochepa poganizira anzake amene adali atayamba kale kumwa kachasu. Tidadziŵa kuti mwanayo ali ndi dzanja, pakuti ali wamng'ono ndiye ankakonzera anzake magalimoto a mawaya. Motero tidagulitsa mbuzi ziŵiri ndi matumba angapo a mbatatesi, tidakampereka kwa mkulu wina wokalamba, mmisiri wa matabwa wa kuno ku Dedza, kuti akhale pamapazi pake chaka chimodzi. Chakacho chitatha, tidaimika chisakasa chija.

Pogula zipangizo mkuluyo adatiperekeza, ndipo adatiletsa zambiri zimene maso athu adasirira. Adati mmisiri woyamba kumene agule zochepa koma zolimba: sowo wodulira ndi wina wong'ambira, puleni imodzi yachitsulo, matchizulo atatu osiyana kukula, hamala, sikweya, tepi yoyezera, chiboolero cha pamanja, makalampa aŵiri aatali, tupa wonolera sowo ndi mwala wonolera. Magetsi kwathu kulibe, koma zonsezi sizilira magetsi. Ntchito yoyamba ya mwana wathu idali kudzikhomera benchi yogwirirapo ntchito, yolemera ndi yosagwedera, yotalika kufika pamfundo ya dzanja la munthu ataimirira, ndiko kuti pafupifupi masentimita 85. Benchi ikafupika msana umapweteka, ikatalika puleni imasoŵa mphamvu. Tidaiika kumbali yoloŵera kuŵala, ndipo pansi tidatsira dothi ndi kutsendera kuti madzi a mvula asaloŵe.

Mkuluyo adaumiriranso za kunola. Ankati chitsulo chobuntha ndicho chimavulaza munthu, chifukwa chimafuna kukankha mwamphamvu, ndipo chikaterereka chimapita kuchikhatho. Mpeni wa puleni ndi tchizulo amazinola mopendeka pafupifupi madigiri 25 mpaka 30, kufikira zitameta ubweya wa pamkono. Sikweya nayonso amaiyesa: ujambule mzere pathabwa, uitembenuze, ujambulenso pomwepo, ndipo mizereyo ikasiyana udziŵe kuti sikweyayo njabodza. Zonsezi mwana wathu adazigwira bwino. Phunziro limodzi lokha ndilo tonse atatu tidaliponya kunkhongo.

Tsiku lina m'mwezi wa Ogasiti kudafika mayi wina, mphunzitsi wa pasukulu yapafupi. Mwana wao wamkazi ankaloŵa m'banja patatha masabata atatu, ndipo iwo ankafuna kumpatsa tebulo lodyera la anthu asanu ndi mmodzi. Adapereka theka la ndalama pomwepo. Imeneyi idali ntchito yaikulu yoyamba, ndipo usiku umenewo m'nyumba mwathu mudali chimwemwe ngati tsiku lokolola. Matabwa ouma tidalibe, choncho m'maŵa mwake tidagula a paini kwa ocheka, ongochekedwa sabata lomwelo, olemera ndi onunkhira utomoni. Mkulu uja atadutsa, adanyamula thabwa limodzi, naligogoda ndi chala, nati, "Mwanawe, thabwa ili likadali ndi madzi. Auze aphunzitsiwo adikire, kapena ubweze ndalama." Mwanayo adatiyang'ana ife. Ndipo ife, amene tidayenera kukhala anzeru, tidati, "Madala, ukwati sudikira thabwa." Ndalama ija tidali titayamba kale kudya.

Tebulo lidatuluka lokongola. Miyendo yake idaloŵetsedwa bwino m'mabowo, pamwamba padasalala, vanishi idanyezimira, ndipo paukwatipo anthu adafunsa dzina la mmisiri. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Dzuŵa la Okutobala litafika, matabwa aja adayamba kuuma ali m'nyumba ya eni ake. Adapindika, guluu adalekana, ndipo mng'alu udatseguka kuchokera mbali ina kufika ina.

Mayi aja adabwera nalo pangolo. Sadakalipe, ndipo zikadakhala bwino akadakalipa. Adangoti, "Bambo ndi mayi, ine ndidapereka mphatso imeneyi pamaso pa apongozi a mwana wanga. Tandiuzani, ndikanene chiyani kumeneko?" Mwana wathu adazyolika. Atachoka, tidakhala pansi atatu mpaka nyali idatha mafuta. Njira yozembera idalipo: tikadanena kuti eni ake adaliika padzuŵa, kapena kuti paini ndi mmene amachitira. Ndalama zogulira matabwa ena padalibe. Mwanayo adati bola angosiya, apite ku Lilongwe akafune ulonda. Koma tidaona kuti tikanama tsiku limenelo, ndiye kuti tamphunzitsa mwana kuti mmisiri amabisala kuseri kwa bodza, ndipo phunziro lotero silifufutika. M'maŵa mwake tidatapa chimanga m'nkhokwe, chimene chidayenera kutifikitsa mu Febuluwale, tidagulitsa, tidakagula matabwa ouma kwa mkulu uja pamtengo wokwera. Iye sadatikumbutse mau ake, koma ife tidakumbuka tokha kuti mau a akuluakulu akoma akagonera. Chaka chimenecho tidadya kamodzi patsiku kwa masabata angapo, koma tebulo lachiŵiri lilipo mpaka lero, loongoka ngati tsiku limene lidachoka pano.

Tsono, inu amene mufuna kuyamba, imvani chimene ife tidachigula ndi chimanga chathu. Mtengo ukangodulidwa umakhala ndi madzi ambiri, ndipo pouma thabwa limachepa m'lifupi, koma m'litali silisintha kwenikweni. Likakhomedwa lisanaume, limakoka misomali ndi guluu kufikira china chitagonja. Nchifukwa chake shopu ya matabwa imayambira pamulu woumitsira, osati pabenchi. Muluwo ukhale pamthunzi podutsa mphepo, wokwezedwa panjerwa kuti chinyontho ndi chiswe zisafike. Pakati pa thabwa ndi linzake muikepo timitengo touma tofanana kukula, totalikirana pafupifupi theka la mita, ndipo tikhale toyang'anizana kuchokera pansi kufika pamwamba. Pamwamba mutsendere ndi miyala, ndipo kumapeto kwa matabwa mupake penti kuti asang'aluke. Paini amauma pa miyezi ingapo m'chilimwe, koma mitengo yolimba monga mlombwa ndi mbawa amisiri akale ankaipatsa chaka chathunthu pa inchi iliyonse ya kuchindikala kwake. Njira yosanama ndi sikelo: sankhani thabwa limodzi, muziliyeza sabata ndi sabata, ndipo kulemera kwake kukaleka kutsika ndiye kuti lauma. Ife timalembanso ndi khala tsiku limene thabwa lililonse lidaloŵa pamulu.

Chachiŵiri ndi kope la ndalama, limene kwathu amasunga ndi mayi a m'nyumba. Mtengo wa chinthu suchokera m'mutu. Timaŵerengera matabwa, misomali, guluu, sandipepala, vanishi ndi mahinjesi, timaonjezapo masiku amene mmisiri wagwira, ndiponso kangachepe ka kutha kwa zipangizo. Ndalama ya chikole timaiika m'chitini chakechake, ndipo siigula mchere kapena sopo kufikira katundu ataperekedwa. Chovuta koposa ndi ngongole za abale, makamaka pamaliro. Munthu akagogoda usiku kufuna bokosi, palibe amene angamfunse ndalama poyamba, ndipo sitidambwezepo wotero. Koma timalemba, ndipo maliro akatha timapita mwaulemu kukakumbutsa, pakuti shopu ikagwa, ofedwa a maŵa adzasoŵa kogogoda.

Chachitatu ndi mitengo yeniyeniyo. Mmisiri amene sabzala akudya mbewu. Mkungudza wa ku Mulanje, umene udalengezedwa kukhala mtengo wa fuko lathu mu 1984, udadulidwa kotero kuti kafukufuku wa mu 2017 adapeza mitengo yaikulu isanu ndi iŵiri yokha paphiri lonselo. Nkhalango ya Chikangawa, ya mahekitala pafupifupi 53,000, idasakazidwa kwambiri ndi moto ndi kudula kosabwezera. Mlombwa ndi mbawa zimene makolo athu ankapangira zitseko zasanduka zosoŵa, ndipo lamulo la nkhalango la 1997, limene lidakhwimitsidwa mu 2020, limalanga odula ndi ogulitsa mitengo popanda chilolezo. Motero ife timafunsa kumene thabwa lachokera tisanagule, ndipo m'malire a munda wathu tidabzala paini, bulugamu ndi mbawa. Mbawayo sitidzaicheka ife, koma adzukulu athu.

Kwa inu anyamata ndi atsikana tikuti, ntchito ya manja si ya olephera. Pamene sukulu ya Overtoun idatsegulidwa ku Livingstonia mu 1894, ukalipentala udaphunzitsidwa pamodzi ndi maphunziro a m'mabuku, ndipo amisiri ake ankalemekezedwa. Lero kuli makoleji a ntchito zamanja monga Namitete, Soche, Nasawa ndi Salima, ndiponso bungwe la TEVETA limene lidakhazikitsidwa mu 1999 kuti liyang'anire maphunziro otere. Amene simungafike kumeneko, funani mmisiri wokhulupirika mukhale naye, musese utuchi wake, mumvere ngakhale pamene mau ake akukuchedwetsani. Ndipo inu makolo anzathu, musakhale ngati ife amene tidagulira mwana zipangizo zabwino, kenaka tidamkankhira tokha kukachita chinyengo chifukwa cha njala ya ndalama.

Mwezi wathawu kudabwera bambo wina wa galimoto, akufuna zitseko zinayi pa masabata aŵiri, ndalama ali nazo m'manja. Tidali pakhonde tikumvetsera. Mwana wathu, amene tsopano ali ndi banja lake ndi ophunzira aŵiri, adapita kumulu kuja, naŵerenga masiku olembedwa ndi khala, nabwerera. Adati, "Pepani bambo, matabwa amene ndili nawo afunika miyezi iŵiri inanso. Mukatha kudikira ndidzakupangirani, mukapanda kutero yesani kwina." Bamboyo adakwera galimoto yake napita, ndipo sitidziŵa ngati adzabweranso. Mwanayo adabwerera pabenchi, natenga mwala wake, nayamba kunola puleni pafupi ndi tebulo lopindika lija.