Ku Heidelberg ndinakaona ukathyali wa malungo

Za ndege ndi sitima sindikutayitsani nazo nthawi. Ndinafika ku Heidelberg, m'mbali mwa mtsinje wa Neckar ku Germany, kukuzizira koluma zala. Alendo anzanga anathamangira kuphiri kukajambulitsa pa nyumba yakale ya mafumu. Ine ndinawoloka mtsinje kupita ku Neuenheimer Feld, kumene kuli malabu a yunivesite ya mumzindawu, yomwe inayamba mu 1386.

Mayi wina wofufuza anandikhazika pa kompyuta n'kundionetsa selo lofiira la magazi lolowedwa ndi kachirombo ka malungo, Plasmodium falciparum. Selo labwinobwino limakhala losalala ndi lofewa. Ili linali tiziphuphu tokhatokha.

"Bambo, taonani kunsi kwa khunguli," anatero mayiwo.

Kunsiko kuli ukonde wa mapuloteni otchedwa spectrin ndi actin, umene umagwira selo kuti lisaphwasuke. Kachiromboka kamatumiza puloteni yake, KAHRP, kukadziphatika pa ukondewo n'kutukumula tiziphuphu tija. Pa tiziphuphupo m'pamene pamaunjikana PfEMP1, puloteni yomata imene imakola mapuloteni olandira a m'makoma a mitsempha, monga CD36, ICAM-1 ndi EPCR. Popanda tiziphuphu, magazi akamathamanga amalikokolola selolo. Koma zomatazo zikaunjikana n'kuzikika pa ukonde, selo limakakamira ngati chisoso pa thalauza. Motero silifika ku kapamba, kumene likanawonongedwa. Maselo otere akadzaza m'timitsempha ta mu ubongo, mwana amakomoka.

Mu 2011 gulu la Michael Lanzer la ku Heidelberg komweko linasonyeza kuti kachiromboka kamaba actin ya selo n'kulukira timizere totumizira mapuloteni ake kukhungu, ndiponso kuti himogulobini ya sickle cell imasokoneza ntchitoyi. Apa ndinamvetsa chimodzi mwa zifukwa zimene mwana wotengera sickle cell kwa kholo limodzi lokha amatetezekako ku malungo aakulu.

Ndinatuluka ndili wokondwa, koma mtima ukuwawa. Ana okomoka ndi malungo ndi athu. Ku Blantyre n'kumene Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor anakonza muyeso wa kukomoka kwa ana, Blantyre Coma Scale. Nzeru zofufuzira tili nazo, koma maikulosikopu amphamvu chonchi ali kutsidya kwa nyanja.

Inu okonza bajeti ya dziko lino, ikani ndalama m'malabu athu. Ndipo inu makolo, mwana akatentha thupi musadikire mawa: kamuyezetseni lero lomwe.