Mizere ya pa Mkono wa Msilikali

Abale, m'gulu la King's African Rifles, lija makolo analitcha Keyala, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1902, ukulu wa msilikali unaoneka pa mkono wa malaya ake. Mzere umodzi ndiye lansi kopolo, iwiri kopolo, itatu sajeni. Ife tipenya mizere yotere ndi kusirira ulemu wake. Koma taonani, mzere uliwonse unali katundu. Msilikali akataya mfuti, kapena akagona pa ulonda, kopolo wake anafunsidwanso mlandu. Ndipo wolephera anamchotsera mizere, natsika. Tsono ife, posankha akulu a mpingo, tisapenye chovala ayi. Tifunse ngati munthuyo adzasenza anzake. Pakuti mzere usokedwa ndi ulusi, koma kukhulupirika sikusokedwa.