Sabata ya Chipulula ku Indiana

Olemba nkhani zamasewera ku Malawi ali ndi dzina la mpikisano umene wogonja amatulukiratu osapatsidwanso mwayi wina. Amautcha chipulula. Dzinali likuchokera ku mneni woti kupulula, monga amachitira mayi akagwira nthambi ya cham'mwamba n'kukoka dzanja kamodzi, masamba onse n'kugwera m'lichero. M'chigawo cha Indiana, ku United States, kupulula kotere kumachitika chaka ndi chaka kumayambiriro kwa Malichi, pamene sukulu za sekondale pafupifupi 400 zimalowa mu mpikisano wa basketball ya anyamata. Sukulu iliyonse imalowa, ngakhale imene yakhala ikugonja nyengo yonse, ndipo amachita maere kuti adziwe amene akumane. Ndime yoyamba, imene amaitcha sectional, imayamba Lachiwiri n'kutha Loweruka. Kukamacha Lamulungu amakhala atatsala matimu 64 okha.

Mpikisanowu unayamba mu 1911, ndipo anthu a ku Indiana amaulemekeza ngati mwambo wa makolo. Mpaka lero amasimba za kasukulu ka Milan, ka ophunzira 161, kamene mu 1954 kanagonjetsa Muncie Central ndi mapointi 32 kwa 30 n'kutenga chikho cha chigawo chonse. Amasimbanso za Crispus Attucks, sukulu ya ana akuda okhaokha ya ku Indianapolis, imene inatenga chikhochi mu 1955 Oscar Robertson ali m'timumo. Mu 1990 anthu oposa 41,000 anakaonerera masewera omaliza a ana asukulu amenewa. Kufikira 1997 sukulu zazikulu ndi zazing'ono zinkalimbirana chikho chimodzi. Masiku ano zinagawidwa m'magulu anayi potengera kuchuluka kwa ophunzira, choncho akatswiri amakhala anayi. Matimu ena onse amatseka nyengo yawo ndi kugonja.

Mumzinda wa South Bend, kumpoto kwa Indiana, muli Amalawi ambiri ndithu. Mmodzi mwa iwo ndi bambo wina wa zaka za m'ma 50, amene amagwira ntchito panyumba yosamalirako okalamba ndipo akulera mwana wa mlongo wake. M'chaka cha 2025 mnyamatayo anali m'kalasi lomaliza la sekondale, ndipo anali m'timu ya sukulu yake ina ya m'derali. Sanali m'gulu la osewera asanu oyambirira. Nthawi zambiri ankakhala pa benchi, ndipo iye ndi malume ake ankadziwa kuti sadzasewerera koleji iliyonse, pakuti mwa anyamata 100 alionse osewera basketball kusekondale, amene amapitiriza m'mipikisano ya NCAA sakwana asanu.

Lolemba, pa 3 Malichi, bamboyo anapita kuntchito ndi pempho. Ankafuna madzulo a Lachiwiri, Lachisanu ndi Loweruka, ndipo anawapeza polonjeza mnzake kuti adzamugwirira masiku awiri a Lamulungu. Mnyamatayo atamva anadandaula. "Malume, musavutike, mwina sindilowa n'komwe." Bamboyo anangoti, "Iwe uzikhala pa benchipo, ine ndizikhala kumbuyo kwako. Ntchito yathu ndi imodzi."

Lachiwiri anapambana mosavuta. Masewera a sekondale amatenga mphindi 32, zogawidwa panayi, ndipo mnyamatayo analowa chakumapeto, zinthu zitadziwika kale. Nthawi ya ku Lilongwe imatsogola ndi maola asanu ndi awiri pa nyengo imeneyi, moti pamene mpira unkayamba 7 koloko madzulo, kwa mayi wake wa mwanayo inali 2 koloko usiku. Anali maso. Uthenga wawo pa WhatsApp unkabwera umodzimodzi mobwerezabwereza: "Achimwene, walowa?" Atalowa, bamboyo anatumiza chithunzi chosaoneka bwino cha msana wa mwanayo, ndipo mayiyo anachitumiza kwa abale onse kusanache.

Lachitatu ndi Lachinayi anali masiku odikira, ndipo maganizo a bamboyo anapita ku masewera ake enieni, a rugby. Anawadziwira ku Johannesburg, kumene anakhalako asanapite ku America, ndipo anali komweko mu 2007 pamene ma Springbok anatenga chikho cha dziko lonse. M'miyezi ya Febuluwale ndi Malichi amatsatira mpikisano wa Six Nations, wa mayiko a England, France, Ireland, Italy, Scotland ndi Wales. Kumeneko kulibe chipulula. Dziko lililonse limakumana ndi anzake onse asanu, ndipo lomalizira silichotsedwa. Chaka chamawa limabweranso. Italy inagonja masewera 36 motsatizana mu mpikisanowu, kuyambira 2015 mpaka pamene inagonjetsa Wales 22 kwa 21 ku Cardiff mu 2022, ndipo m'zaka zonsezo mpando wake unalipo. Bamboyo anazolowera kugonja kwa mtundu umenewu, kumene munthu amazimitsa kanema akudziwa tsiku la masewera otsatira.

Lachisanu kunali kothina. Timu ya mphwake inapambana ndi mapointi ochepa, ndipo mnyamatayo sanalowe. Anthu akukuwa ndi kukumbatirana, maso a bamboyo anagwera pa benchi ya ogonja. Panali mnyamata wamtali amene anakhala pansi atafunda thawulo kumutu, anzake atalowa kale m'chipinda chosinthira zovala. Mayi wina, mwina mayi wake, anaima chapatali atanyamula jekete, osamufulumiza. Ola limodzi m'mbuyomo mnyamata ameneyo anali wosewera wa timu yake. Tsopano anali wophunzira wamba woyembekeza kumaliza sukulu, ndipo panalibe amene anamuchenjeza kuti madzulo amenewo ndiwo otsiriza.

Loweruka, pa 8 Malichi, bamboyo anadzuka m'mawa n'kuika tiyi pamoto. Ireland inkalandira France ku Dublin, ndipo ku South Bend mpirawo unayamba 9 koloko itangodutsa. Tsikuli linali la kutsazika. Osewera atatu a Ireland, Cian Healy, Peter O'Mahony ndi Conor Murray, aliyense atasewerera dziko lake masewera oposa 100, anali atalengeza kale kuti akusiya kusewerera dzikolo mpikisanowu ukatha, ndipo awa anali masewera awo omaliza pakhomo. Bwalo lonse linkadziwa, ndipo linawaombera m'manja moyenera. France inapambana 42 kwa 27, koma kugonjako sikunawalande atatuwo ulemu wa kuperekezedwa. M'masewera omwewo kaputeni wa France, Antoine Dupont, anavulala bondo m'chigawo choyamba ndipo mpikisano wake unathera pomwepo. Komabe iye anali ndi zaka 28, madokotala, ndi timu yomudikira. Masana Wales inagonja kwa Scotland 35 kwa 29 ku Edinburgh, kupitiriza mndandanda wautali wa kugonja, koma nayo inali ndi England Loweruka lotsatira.

Madzulo holo inadzaza. Ana a sukulu ziwirizo anakhala moyang'anana, akukuwizana, gulu loimba malipenga lili pakona. Timu ya mnyamatayo inatsalira kuyambira pachiyambi, inayandikira m'gawo lachitatu, kenako mpata unakulanso. Zitatsala mphindi ziwiri, mphunzitsi anachita zimene aphunzitsi ambiri amachita akaona kuti zatha: anatulutsa oyambirira mmodzimmodzi, n'kulowetsa a m'kalasi lomaliza amene anali pa benchi. Mnyamatayo analowa. Anaponya mpira kawiri, ndipo kachiwiriko unalowa. Belu linalira, matimu awiriwo anandandalikana kugwirana chanza, ndipo nyengo ya zaka zinayi inathera pamenepo. Ku Lilongwe inali itadutsa 3 koloko usiku. Bamboyo analemba kuti, "Walowa, wagoletsa, agonja." Yankho linabwera patapita kanthawi: "Mumugulire chakudya, achimwene."

M'galimoto sanayankhulane mpaka pafupi ndi kunyumba, pamene mnyamatayo anati, "Malume, mwataya ma Sande awiri chifukwa cha mphindi ziwiri." Bamboyo anayankha kuti akanadziwa tsiku lake akanapempha limodzi lokha, koma panalibe amene akanamuuza.

Pa Chichewa kuchoka osatsazika ndi mwano, ndipo mlendo akatsazika amaperekezedwa kufikira panjira. Mwambowu umafuna kuti wochokayo adziwe kuti akuchoka. Sukulu za ku America zimayesa kukonza zimenezi pochita mwambo wa senior night pa masewera omaliza a pakhomo, mpikisano usanayambe, pamene a m'kalasi lomaliza amayenda pabwalo ndi makolo awo n'kuomberedwa m'manja. Mnyamatayo anayenda ndi malume ake mu Febuluwale. Koma tsiku limenelo aliyense ankaganiza za chikho, ndipo kutsazikako kunali kwa munthu amene akadali ndi masiku. Kuchoka kwenikweni kumadza pambuyo pake, pa holo ya eni, pakati pa sabata kapena Loweruka usiku, belu likalira. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Amene akufuna kuperekeza mwana wosewera m'chipulula alibe njira ina koma kupezekapo pa masewera alionse, ngakhale amene mwanayo sadzuka pa benchi, chifukwa alionse angathe kukhala omaliza.

Lamulungu, pa 9 Malichi, mawotchi a ku Indiana anasunthidwa ola limodzi kutsogolo, ndipo England inkasewera ndi Italy ku Twickenham. Yunifolomu ya mnyamatayo inali itachapidwa n'kupindidwa patebulo, kudikira kubwezedwa kusukulu. Iye anatuluka m'chipinda mochedwa, nakhala pampando pambali pa malume ake, chinthu chimene sankachita nthawi ya rugby. Ataonerera kwa kanthawi anafunsa chifukwa chake osewerawo amaponyerana mpira chakumbuyo pamene akufuna kupita kutsogolo. Bamboyo anafotokoza kuti lamulo limaletsa kuuponya kutsogolo ndi manja, choncho wonyamula mpira amathamanga mpaka atagwidwa, ndipo mnzake ayenera kukhala ali kale pambuyo pake kuti aulandire. Italy inagonja 47 kwa 24. Mnyamatayo anafunsa kuti iseweranso liti, ndipo anauzidwa kuti Loweruka, ku Rome, ndi Ireland.