Doctor Who ndi kusatsanzikana kwa anthu a kuno

Abale a kumudzi mumandifunsa kuti kuno ku Mangalande timaonera chiyani tikaweruka. Mpira ndiye nthawi zonse, koma ine ndinakodwanso ndi Doctor Who, sewero la BBC lomwe linayamba mu 1963, la munthu wotchedwa Doctor, woyenda m'mlengalenga ndi m'nthawi pogwiritsa ntchito chibokosi cha buluu chotchedwa TARDIS. Mu 2023 anaika zigawo zakale pa iPlayer ndipo ndakhala ndikuzitsata. Chimene chandikhala pamtima ndi mmene amachotsera ana m'seweroli.

Panali mnyamata woyenda ndi Doctor dzina lake Adric, katswiri pa masamu, wovala baji ya nyenyezi pachifuwa. Amene ankasewera malo akewo ndi Matthew Waterhouse, ndipo oonera ambiri sankamukonda, ati ndi wamakani. Mu 1982, m'gawo la Earthshock, anatsalira m'chombo chimene adani otchedwa ma Cybermen anachilunjikitsa pa dziko lapansi. Anzake anathawa, iye n'kubwerera kuti amalize masamu omasulira makina oyendetsera chombocho. Makinawo anawomberedwa asanamalize. Anangoima poteropo, atagwira lamba wa malemu mkulu wake, mpaka chombo chinaphulika. Pamapeto pa gawo lililonse pamalira nyimbo mayina a osewera akudutsa, koma tsiku limenelo panalibe. Mayina anadutsa kuli zii, pa sikirini pakuoneka baji ija itaphwanyika. Ndisakunamizeni, zinandigwira.

Koma taonani gawo lotsatira, Time-Flight. Atsikana awiri oyendanso ndi Doctor, Tegan ndi Nyssa, akuchonderera Doctor kuti abwerere m'mbuyo akamupulumutse. Iye akukana, ati pali malamulo osaswedwa, kenako n'kunena kuti tiyeni tikaone chionetsero cha 1851 ku London mitima ikhale pansi. Maliro a mwana athera pompo.

Poyamba ndinkati ndi ulesi wa olemba, koma nditapitako ku maliro a kuno ndinaona kuti analemba zomwe anthu a kuno amachita. Thupi limakhala ku mochale masabata awiri kapena atatu. Tsiku likafika, mwambo wa kotenthera mitembo sudutsa ola. Anthu ochepa, ovala zakuda, olira ndi kamsozi kamodzi kopukutira pa tishu. Kenako tiyi ndi masangweji, mawa lake ku ntchito. Sikuti sizikuwapweteka ayi. Amangoona kuti chisoni ndi katundu wa mwini, wosati n'kusenzetsa anzako.

Kwathu Adric akanamulira mudzi wonse, ngakhale aja ankamunena makani. Masamba pamsewu, njinga kutsika, amayi m'nyumba ya siwa, azibambo panja pamoto, kwaya kuchezera mpaka tambala. Adzukulu kumanda m'mamawa. Amfumu kulankhula, mwini mbumba kufotokoza mmene zovutazo zayendera, chipepeso kuwerengedwa dzina ndi dzina. Ngakhale m'masewero athu monga Tikuferanji, wolemba amene angaphe mwana n'kusaonetsa siwa, oonera angamufunse kuti anakulira kuti. (Ndikudziwa, maliro athu amasiya nkhokwe ili pululu, ndipo ife akunja foni ikalira pakati pa usiku timadziwiratu kuti pakufunika ya bokosi ndi ya ufa. Imeneyo tidzakambirana tsiku lina.)

Yomwe inandipweteka kuposa ndi ya wamoyo. Mu 1964, Susan, mdzukulu wa Doctor weniweni, anakondana ndi mnyamata wotchedwa David, koma sankafuna kusiya agogo ake. Agogowo anamulanda nsapato yobooka kuti akaisoke, kulowa m'chibokosi muja, n'kukhoma chitseko. Anamulankhula ali mkati, iye ali panja, kumuuza kuti wakula ndipo akhale ndi mwamunayo, kenako chibokosi n'kuzimiririka. Mtsikana anatsala ndi nsapato imodzi mumzinda wa mabwinja. Anzanga a kuno amati ndi gawo lokoma kwambiri, chifukwa nkhalambayo inamumasula kuti akaime payekha. Ana awo akakwana zaka 18 amachokadi pakhomo chimodzimodzi, bambo kuwatula ku yunivesite, kutsitsa makatoni, kukumbatirana pang'ono, basi.

Ine ndinkangodzifunsa kuti ankhoswe ali kuti, Davidyo kwawo n'kuti, wamulangiza ndani mwanayu. Ngakhale wopita ku Joni pa basi timamuperekeza mpaka pa Wenela, kamba ali m'manja, azakhali akubwereza malangizo pawindo. Mdzukulu wopita ku banja ndiye n'kumukhomera panja?

Amene muli ndi ana obadwira kuno, tandiuzani: akamachoka mumawatsanzika mwa kwathu, kapena mwayamba kungotsitsa makatoni?