Msika wa Lizulu ndili pamwamba pa lole

Awerengi, ambiri a inu mumaudziwa msika wa Lizulu ndi mapazi: fumbi, kukankhana ndi phokoso la anyamata oitanira minibasi. Ine ndinafuna kuuona monga amauonera khwangwala. Choncho ndinapempha dalaivala wa lole yodzaza matumba a mbatata ya kachewere kuti ndikwere pamwamba pa katundu wake ndi foni yanga. Anandiseka, koma analola.

Ukakhala pansi, munthu akaona kuti ukumujambula amaima njo nakonza malaya, apo ayi amabisa nkhope. Ukakhala pamwamba aliyense amangochita zake. Ndinajambula milu ya kabichi, tomato wosanjidwa m'mabeseni, njinga zolemedwa ndi matumba, ndi amayi osenza madengu akudutsana ngati nyerere. Pakati pa zonsezi pakudutsa msewu wa tala wochokera ku Dedza kupita ku Ntcheu. Pamenepa msewuwu ndiwo malire: kumadzulo ndi kwathu ku Mozambique, kum'mawa ndi ku Malawi. Koma pachithunzi simungaloze kuti uyu ndi wa dziko lakuti. Mayi wina wa chitenje chofiira anawoloka katatu ndikuona, kusaka ndalama zosintha basi.

Posakhalitsa bambo wina wa njinga anakweza maso nandiona. "Achimwene, ndinu a kasitomu kodi?" Anthu anayamba kuunjikana, ena atakwinya nkhope. Ndinatsika msanga, mtima uli phaphapha, n'kuwaonetsa zithunzi zonse. Bamboyo anati ndifufute chimene nkhope yake inkaoneka bwino, ndipo ndinafufuta pomwepo. Sanalakwe, pakuti sindinamupemphe. Ena ankangoseka, akudzifufuza okha pakati pa timitu tating'onoting'ono.

Madzulo ndinakaonetsa zithunzizo kwa bambo anga. Iwo anawoloka msewu womwewu mu 1986 pothawa nkhondo, mayi atandibereka kumbuyo, ndipo tinabwerera mu 1994, patatha zaka ziwiri chisainire mtendere ku Roma. Anaigwira foni ija nthawi yaitali osayankhula. Kenaka anati ndiwakulitsire mbali ya ku Malawi, chifukwa ankafuna mtengo umene tinagona patsinde pake usiku woyamba. Tinasakasaka osaupeza. Pamalo amene iwo analoza ndi chala panali mnyamata akukazinga tchipisi.