Wotaya Makombo ndi Wina, Wolumidwa ndi Wina

Chimbalangondo ndi chilombo chimene ambirife tidangochiona pazithunzi. Chimakhala m'nkhalango za maiko ozizira monga Canada, Russia, Japan ndi America, chili ndi ubweya wambiri ndi zikhadabo zazitali, ndipo chachimuna chimatha kulemera makilogalamu oposa 300. Ngakhale chili kutali nafe, ine nkhani yake siichoka m'mutu mwanga chifukwa cha usiku umodzi wa mu Ogasiti 1967.

Usiku umenewo, m'nkhalango yotetezedwa ya Glacier ku Montana, m'dziko la America, atsikana awiri a zaka 19 adaphedwa ndi zimbalangondo ziwiri zosiyana, pamalo awirinso osiyana. Onsewo adali atagona panja pamodzi ndi anzawo, monga achitira alendo okacheza kutchire. Pambuyo pake kudadziwika kuti zilombozo zidazolowera kudya zotaya anthu. Panyumba ina yogona alendo, makombo ankatayidwa poyera ndipo alendo ankasonkhana madzulo kuonerera zimbalangondo zikudya. Chilombo chikaphunzira kuti pamene pali fungo la munthu pali chakudya, mantha ake amatha. Otaya makombowo adabwerera kwawo ali bwinobwino, koma amene adalipira ndi ana a eni.

Tsono munthu akakumana nacho maso ndi maso atani? Langizo loyamba la oyang'anira nkhalango za kumeneko ndi lakuti asathawe. Chimbalangondo chimathamanga makilomita oposa 50 pa ola, ndipo kuthawa kumangochiitana kuti chikulondole. Munthu aime, alankhule mofatsa, abwerere chambuyo pang'onopang'ono, ndipo asaime pakati pa chachikazi ndi ana ake. Paja akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Oyenda m'nkhalangomo amalangizidwanso kuyenda m'magulu, kupanga phokoso kuti asachidzidzimutse, ndi kunyamula mankhwala opopera opangidwa ndi tsabola. Kafukufuku wa Tom Smith ndi Stephen Herrero wa mu 2008 adapeza kuti ku Alaska, mwa anthu 100 alionse amene adakumana nacho pafupi ali ndi mankhwalawa, 98 adapulumuka osavulala.

Chikakugwira, zimatengera mtundu wake. Chofiirira, chimene ku America amati grizzly, kawirikawiri chimaluma poteteza ana kapena chakudya chake. Apa munthu agone chafufumimba, aphimbe khosi ndi manja, atangadze miyendo kuti chisamutembenuze, akhale zii ngati wafa mpaka chichoke. Koma chakuda sachinamizira kufa ayi. Chimenecho amalimbana nacho, kuchimenya kumaso ndi pamphuno ndi mwala, ndodo kapena chibakera. Chimodzimodzinso chilichonse cholowa m'tenti usiku, pakuti chimenecho chabwera kudzadya.

Ine ndimatandala ndi ana tsiku ndi tsiku, ndipo ndaona kuti mwana akadzidzimuka amangokumbukira chokhacho chimene adachibwereza kambirimbiri. Munthu wamkulu ndi chimodzimodzi. Malangizo onsewa ndi ovuta kuwatsata chilombo chili pamphuno, choncho ofunika kwambiri ndi aja otsatidwa chisanafike. Pambuyo pa 1967, nkhalango za ku America zidatseka madzala amene zimbalangondo zinkadyerapo. Lero wogona kutchire amasunga chakudya kutali ndi pogona, m'chotengera cholimba kapena pochipachika mumtengo, ndipo ku Yellowstone lamulo likuti munthu atalikirane ndi chimbalangondo mamita 91. Wotsata zimenezi amateteza mlendo amene adzagone pamalopo mawa, munthu amene sadzamuona n'komwe.

Abale ndi alongo, kwathu kunyanja kuno kulibe zimbalangondo, koma ng'ona tili nazo, ndipo nazonso zimaphunzira. Ng'ona imasunga malo amene imapezapo chakudya ndi nthawi imene anthu amatsikira kumadzi. Bambo wotumbula nsomba padooko n'kutaya matumbo m'madzi amanyamula dengu lake n'kupita kumsika. M'mawa mwake pamalo omwewo pamafika mayi wodzatsuka mbale ndi mwana wodzasamba. Matumbo amenewo tiziwakwirira kumtunda, ndipo pamene timatumbulira nsomba pakhale kutali ndi pamene ana athu amasamba.